Malipiro a olemba pa intaneti akutsika: ife a m'chigwa cha Shire tichite chiyani?

Mlembi wa ku Nchalo

Akuluakulu ndi anzanga nonse a pagulu lino, ndikupempha kuti tikambirane mofatsa nkhani ya malipiro a anthu olemba pa intaneti, chifukwa achinyamata ambiri kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje akumauzidwa kuti munthu akakhala ndi foni yabwino ndi Chingerezi chomveka ndiye kuti ntchito wapeza kale, pamene ife amene tinalowamo kale tikuiona ntchitoyi ikuuma tikuyang'ana. Ine ndinayamba kulembera makasitomala akunja m'nthawi ya mliri wa Covid-19, ndipo ntchito yake inali yolemba nkhani zazifupi za pamasamba a malonda, lero za mankhwala a m'munda, mawa za malo ogona alendo. Malipiro sanali ochuluka, koma ankabwera mwezi ndi mwezi, moti lendi ya nyumba ndi fizi ya mwana zinkachokera m'menemo. Kuyambira mu 2023 maoda anayamba kuchepa, ndipo amene atsala akumabwera ndi mawu akuti nkhani yalembedwa kale ndi makina, iwe ungoikonza kuti imveke ngati ya munthu, pa mtengo wosafika ndi theka la wakale. Kukonza nkhani yotere kumadya nthawi yofanana ndi kulemba yatsopano, poti chiganizo chilichonse umayenera kuchifufuza ngati chikunena zoona.

Vutoli si langa ndekha ayi. ChatGPT, pulogalamu ya AI imene imalemba nkhani yokha ikafunsidwa, inatuluka pa 30 Novembala 2022, ndipo chaka chotsatira kampani yofalitsa nkhani ya BuzzFeed News inatsekedwa, inzake ya Vice inalengeza kuti yagwa ndi ngongole, choncho atolankhani ambiri odziwa ntchito anachotsedwa n'kuyamba kusaka maganyu omwewo amene ife tinkadalira. Ku Africa kuno, OkadaBooks ya ku Nigeria, imene inkathandiza alembi kugulitsa mabuku awo pa foni, inatseka kumapeto kwa Novembala 2023. Amazon nayo inatseka Kindle Vella, kumene anthu ankagulitsa nthano zawo gawo ndi gawo, mu Febuluwale 2025. Funso langa ndi lakuti, kodi tipitirize kuwalimbikitsa ana athu kulowa m'ntchito imeneyi, kapena tiwauze poyera kuti khomo limeneli likutsekeka? Ndipo ife amene tili kale mkati, tilowera kuti?

Mnyamata wa ku Bangula

Achimwene, mwandifika pamtima chifukwa ine ndi mmodzi wa achinyamata amene mukuwanenawo. Ndinalemba mayeso a MSCE ndipo Chingerezi ndinakhoza bwino, koma ndalama zopitirizira sukulu palibe, ndiye ndinagulitsa mbuzi imene amayi anandipatsa kuti ndigule foni yoti ndizilembera. Ndimamva anthu akunena kuti pa Medium munthu amalipidwa m'madola nkhani yake ikawerengedwa, ndiponso kuti pa Amazon aliyense akhoza kutulutsa buku popanda kulipira kanthu. Ndikupempha amene akudziwa bwino andifotokozere mmene ndalamazo amaziwerengera, kuti ndidziwe ngati ndikuthamangira chinthu chenicheni.

Wowerengera ndalama wa ku Dyeratu

Mng'ono wanga wa ku Bangula, funso lako ndi labwino, ndipo ndiyesa kuliyankha ndi manambala chifukwa ndi mmene ine ndimaonera zinthu. Zimene wamvazo si zabodza, koma amene amazinena amasiya mbali yofunika kwambiri, imene ndi yakuti m'masamba ambiri otere mlembi salipidwa mtengo wodziwikiratu pa nkhani yake. Kampani imasonkhanitsa ndalama kwa owerenga, imatengako zake, kenako yotsalayo imaigawa kwa alembi onse potsatira njira imene yaikonza yokha. Pa Medium owerenga amalipira madola 5 pa mwezi kapena madola 50 pa chaka, ndipo kuyambira mu 2019 mlembi ankapatsidwa gawo lake potengera nthawi imene mamembala olipirawo athera pa nkhani yake. Mu Ogasiti 2023 malamulowo anasinthidwanso, moti tsopano mlembi amayenera kukhala membala wolipira kaye asanayambe kulandira kanthu. Taona bwino pamenepa: alembi akachuluka kuposa owerenga olipira, gawo la aliyense limachepa ngakhale nkhani zake zitakhala zabwino kuposa kale.

Za Amazon zili chonchi. Buku la pa Kindle, lowerengera pa foni kapena pa kompyuta, ukaliika pa mtengo wa pakati pa madola 2.99 ndi 9.99 umalandira 70 peresenti, koma zimenezi zimachitika pokhapokha wogulayo ali m'maiko osankhidwa, ndipo Malawi sali pa mndandandawo. Kupanda apo umalandira 35 peresenti. Pa ndondomeko ya Kindle Unlimited, imene owerenga amalipira pa mwezi n'kumawerenga mabuku ambiri, kuyambira mu Julayi 2015 amalipira pa tsamba lililonse lowerengedwa, ndipo mtengo wake umakhala pafupifupi theka la senti ya ku America. Ndiye kuti munthu akawerenga buku lako lonse la masamba 200, iwe supeza ngakhale dola imodzi yathunthu. Pamwamba pa zimenezo, Malawi alibe pangano la misonkho ndi dziko la America, choncho pa ndalama zochokera kwa ogula a kumeneko amadula 30 peresenti isanatuluke n'komwe. Mu Juni 2025 anatsitsanso gawo la mlembi pa mabuku osindikizidwa a mtengo wochepera madola 9.99 kuchoka pa 60 kufika pa 50 peresenti.

Ukapita ku misika ya maganyu, Fiverr imatenga 20 peresenti pa ntchito iliyonse, pamene pa Upwork umagula kaye timapointi tofunsira ntchito, ndipo ukapanda kusankhidwa ndalamayo yapita basi. Yotsalayo imadutsanso ku kampani yotumiza ndalama ya Payoneer kapena kubanki, kumene amadulanso zawo, n'kukusinthira pa mtengo wa boma. Ukaphatikiza zonsezi ndi bandulo ya intaneti imene wagwiritsa ntchito pofufuza ndi potumiza, upeza kuti dola imene unaiona pa sikirini yafika m'thumba itatsala pang'ono kwambiri.

Mayi mphunzitsi wa ku Ngabu

Bambo a ku Dyeratu, mwafotokoza momveka, ndipo ife ana a alimi a thonje zimene mwanenazi tikuzidziwa kuyambira tili aang'ono. Bambo anga ankalima thonje chaka chonse, kupopera mankhwala, kutola padzuwa, koma tsiku logulitsa sikelo inali ya wogula, wonena giredi anali wogula, wodula ngongole ya mbewu ndi mankhwala analinso wogula yemweyo, ndipo mlimi ankangolandira chimene chalembedwa pa lisiti. Mlembi wa pa intaneti ali pa malo omwewo, kungoti iye sikeloyo saiona n'komwe, ndipo ikasinthidwa usiku amadzangozindikira m'mawa ndalama zitatsika.

Chimene ndikufuna kuonjezera n'chakuti kutsikaku kunayamba makina a AI asanabwere, ndiye tisawasenzetse mlandu wonse. Bungwe la ALCS la ku Britain, limene limatolera ndalama za alembi, linatulutsa kafukufuku mu 2022 wosonyeza kuti mlembi wapakatikati amene ntchito yake yeniyeni ndi kulemba ankapeza mapaundi 7,000 pa chaka, pamene mu 2006 ankapeza mapaundi oposa 12,000. Amenewo ndi anthu okhala m'dziko limene muli malaibulale ambiri, masitolo a mabuku ndi owerenga okhala ndi ndalama. Ngati iwowo zawathina chonchi, ife amene tikulowa pa msika womwewo kuchokera ku Ngabu tisayembekezere kuti atisiyira malo abwino.

Mwana wa ku Chikwawa wokhala ku Johannesburg

Amayi, ndikukulemekezani, koma ndiloleni ndisiyane nanu pang'ono, chifukwa ndikuopa kuti timugwetsa ulesi mnyamatayu pachabe. Mapaundi 7,000 ku London ndi umphawi, koma dola kwathu ndi ndalama. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye munthu amene akulandira madola 50 okha pa mwezi ali ndi kanthu m'manja kuposa anzake ambiri oyendetsa kabaza pa Bangula. Komanso si masamba onse amene amagawa ndalama mobisa. Pa Substack mlembi amaika yekha mtengo, kampani imatenga 10 peresenti, ndipo mndandanda wa ma imelo a owerenga ndi wake, akafuna kuchoka amachoka nawo. Alipo alembi a ku Africa kuno amene akupeza bwino polemba zinthu zimene azidziwa mwakuya. Chimene chafa ndi ntchito yolemba nkhani zodzazira masamba, zimene kunena zoona palibe ankaziwerenga ndi mtima wonse. Kulemba kwenikweni kukadalipo.

Wowerengera ndalama wa ku Dyeratu

Achimwene a ku Johannesburg, kugwa kwa kwacha kunakwezanso mtengo wa chimanga, wa sopo, wa foni ndi wa thiransipoti, choncho phindu limene mukulinenalo linatha pa miyezi yochepa. Za Substack ndi zoona kuti amatenga 10 peresenti, koma ndalama zake zimadutsa ku kampani yolipirira pa intaneti ya Stripe, imene inu muli ku South Africa muli nayo pafupi kuposa munthu wa ku Nsanje, ndipo wowerenga amayenera kukhala ndi khadi ya kubanki yolipirira m'madola. Owerenga amene amatidziwa ife ali ndi Airtel Money ndi Mpamba. Wowerenga wa ku America amene ali ndi khadi, ali ndi alembi zikwizikwi oti asankhepo, ndipo mnyamata wathuyu sanamumvepo dzina.

Mlembi wa ku Nchalo

Pa mawu akuti kulemba kwenikweni kukadalipo, ndikufuna ndifotokoze chimene chinandichitikira, chifukwa chikusonyeza kuti ngakhale wolemba ndi mutu wake sakutetezeka. Kasitomala wina, amene sindimutchula, anandipatsa ntchito yolemba za ulimi wothirira m'madera otentha, ndipo ine ndinaikamo zimene ndimaziona ndi maso kuno kwathu, za ngalande, za nthaka ya makande imene imang'aluka ikauma, ndi za mchere umene umatuluka pamwamba pa munda wothiriridwa mosasamala. Ndinailemba usiku, poti mu Okutobala masana foni imatentha mpaka kudzizimitsa yokha, ndipo ndinkaiika pa nsalu yonyowa kuti ndimalize ndime. Patapita masiku anandiyankha kuti chipangizo chawo chofufuzira chasonyeza kuti nkhaniyo yalembedwa ndi makina, choncho salipira. Panalibe munthu woti ndikadandaule kwa iye, panali fomu basi.

Pambuyo pake ndinadzamva kuti ofufuza a pa yunivesite ya Stanford anapeza mu 2023 kuti zipangizo zoterezi zimalakwitsa kawirikawiri pa zolemba za anthu amene Chingerezi si chilankhulo chawo chobadwa nacho, chifukwa ife timalemba ziganizo zaukhondo zimene tinaphunzitsidwa kusukulu. Ngakhale OpenAI, kampani imene inapanga ChatGPT, inachotsa chipangizo chake chofufuzira mu Julayi 2023 chifukwa sichinkalondola. Komatu ndikumvetsa chifukwa chake ogula ali ndi mantha. Magazini ya nthano ya Clarkesworld inasiya kaye kulandira nkhani mu Febuluwale 2023 itadzazidwa ndi zolembedwa ndi makina, Amazon inaika malire akuti munthu asatulutse mabuku oposa atatu pa tsiku mu Seputembala chaka chomwecho, ndipo Medium inaletsa nkhani za makina kulandira malipiro kuyambira mu Meyi 2024. Zinyalala zikachuluka, mlonda amayamba kukayikira aliyense, ndipo woyamba kukayikiridwa ndi mlendo wa dzina losazolowereka.

Mlongo wa ku Makhanga

Abale anga, ine Chingerezi changa ndi chochepa ndipo madola sindinawagwirepo, koma ndimalemba, ndipo ndaona kuti m'zokambirana zonsezi palibe amene wakamba mokwanira za owerenga a kwathu. Ine ndimalemba nthano zopitirira m'Chichewa, mwina ndimaikamo Chisena pamene agogo a m'nthanomo akulankhula. Ndinayambira pa Facebook, pamene anthu ankawerenga mwaunyinji n'kumandikalipira ndikachedwa kutulutsa gawo lotsatira, koma ngakhale tambala sinkalowa, pamene bandulo ndinkagula ndekha ndipo foni ndinkakatchajitsa kugolosale molipira. Mnzanga wina anandiuza kuti nditsegule tsamba langa ndiikepo malonda a Google, koma tinapeza kuti ndondomeko yawo ya malonda, AdSense, siivomereza masamba a Chichewa, ndiponso salipira mpaka ndalama zitakwana madola 100. Pa mndandanda wa zilankhulo za mabuku a pa Kindle Chichewa palibenso, nanji Chisena.

Ndiye ndinasintha njira. Magawo oyamba a nthano ndimawaika poyera, koma otsatira ndimawatumiza pa gulu la WhatsApp limene munthu amalowa akatumiza kangachepe pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Ndili ndi kope limene ndimalembamo maina awo ndi tsiku limene aliyense walipira, ndipo kopelo ndimalisunga mu jumbo pamodzi ndi chiphaso cha unzika, chifukwa madzi a Freddy mu Malichi 2023 anatitengera zonse za m'nyumba ndipo ndinaphunzirapo. Amene amalipira mokhulupirika ndi amayi ogulitsa nsomba, anamwino, aphunzitsi, ndi ana a kwathu amene ali ku Blantyre ndi ku Joni, amene amati akamawerenga za bwato, za nyika ndi za udzudzu wa kudambo amamva ngati afika kumudzi. Ndalama zake si zomangira nyumba, koma sopo, mchere ndi bandulo zimachokera m'menemo, ndipo palibe wondisinthira malamulo usiku.

Vuto langa lalikulu ndi lakuti munthu mmodzi akalipira amatumizira gawolo abale ake onse, mwinanso gulu lina lonse, moti ndinapezapo nthano yanga ikuyenda pa tsamba lina dzina langa litachotsedwa. Ndikupempha amene akudziwa za malamulo andithandize pamenepa.

Bambo opuma ntchito a pa Nsanje Boma

Mwana wanga wa ku Makhanga, takhuta, zikomo kwambiri chifukwa cha mawu akowa, ndipo ndikuona kuti mwa tonse amene talankhula, iwe ndi amene wagwira pamene pali nkhani. Ine ndakalamba ndikulemba, kuyambira nthawi imene tinkalemba nthano pamanja n'kukaiponya ku positi ofesi, kenako n'kumadikira nyuzipepala ya Loweruka kuti tione ngati yatuluka. Ndisakunamizeni kuti kale kunali ndalama, chifukwa kunalibe. Mlembi wa ku Malawi nthawi zonse wakhala mphunzitsi, mtolankhani, mbusa kapena kalaliki amene amalemba akaweruka. Chimene chinalipo chinali mkonzi, munthu wa dzina, amene ankakubwezera nkhani ataidula ndi cholembera chofiira, ndipo pamenepo m'pamene tinaphunzirira ntchito. Chimene chikundidetsa nkhawa pa masamba a masiku anowa, kuposa ndalama, n'chakuti mwana akhoza kulemba zaka zambiri popanda munthu womuuza kuti ndime iyi yafooka, chifukwa chimene akumuphunzitsa ndi kuthamangitsa manambala.

Za kubedwa kwa nthano yako, lamulo lilipo. Copyright Act ya 2016 imateteza zolemba zako kuyambira pamene wazilemba, ndipo bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, silili la oimba okha ayi, alembi nawonso amalembetsa. Malawi Writers Union iliponso. Ndikudziwa kuti kuchoka ku Makhanga kukafika ku maofesi amenewa ndi ulendo wodula, makamaka nyengo ya mvula pamene msewu wa ku East Bank umavuta, ndiponso kuti kuthamangitsa munthu aliyense wotumiza nthano pa WhatsApp n'kosatheka. Komabe kulembetsa kumakupatsa umboni tsiku limene wina adzasindikize nthano yako kapena kuisandutsa sewero. Pakadali pano, ika dzina lako ndi nambala yolipirira mkati mwenimweni mwa gawo lililonse, osati kumapeto kokha kumene wakuba amangodula, kuti nthanoyo ikamayenda izikuitanira owerenga atsopano.

Kwa mnyamata wa ku Bangula ndikuti, usataye foni yako ndipo usasiye kulemba, koma usaike moyo wako wonse pa kampani imene sidziwa kuti Bangula ali kuti. Taganizira zimene zili pafupi nawe zimene makina sangazidziwe. Makina amalemba kuchokera ku zimene zinalembedwa kale, ndipo za chigwa chathu zolembedwa n'zochepa kwambiri. Za Mbona ndi kachisi wa ku Khulubvi zinalembedwa kwambiri ndi alendo. Za mmene anthu anapulumukira madzi a 2015, a Idai mu 2019, a Ana mu 2022 ndi a Freddy zili m'mitu ya anthu amene akukalamba. Za alimi a nzimbe ang'onoang'ono, za ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme ndi mmene ikusinthira nkhani za malo, za asodzi a ku Elephant Marsh, za malonda a pa Marka, zonsezi zikusowa wozilemba wokhala pompano.

Mwana wa ku Chikwawa wokhala ku Johannesburg

Bambo, mawu anu ndawalandira, ndipo m'menemo ndi mmene ine ndimalozera ponena kuti munthu alembe zimene akuzidziwa mwakuya. Koma ndifunse mosabisa: adzalipira ndani? Nkhani ya asodzi a ku Elephant Marsh imafuna kuti mlembi akwere njinga, alipire bwato, agone kumeneko. Mlongo wathu wa ku Makhanga wanena yekha kuti ndalama za pa WhatsApp ndi za sopo. Ine ndikuona kuti nkhani zoterezi zimayenera kugulitsidwa kwa akonzi akunja amene amafuna za kusintha kwa nyengo, ndipo pamenepo Chingerezi ndi madola zabweranso.

Mayi mphunzitsi wa ku Ngabu

Achimwene, simukulakwa, ndipo palibe amene akunena kuti tikane dola ikabwera. Kusiyana kulipo ndi kwakuti kugulitsa nkhani kwa mkonzi amene mwagwirizana naye mtengo musanayambe ndi malonda a anthu awiri, pamene kuponya nkhani pa tsamba n'kumadikira kuti makina akugawire ndi chinthu china. Komanso msika wa akonziwo nawo ukuchepa, chifukwa ndalama za otsatsa malonda zimene zinkasunga manyuzipepala zinasamukira ku Google ndi ku Facebook, ndipo kuyambira mu Meyi 2024 Google imayankha mafunso ambiri pamwamba pomwepo, munthu osafikanso pa tsamba limene mlembi analembapo. The New York Times inasumira OpenAI ndi Microsoft mu Disembala 2023 pa nkhani yogwiritsa ntchito zolemba zake, koma amenewo ali ndi maloya; mlembi wa ku Nchalo amene nkhani zake zili pa masamba a anthu ena popanda dzina lake sadzaitanidwa pa kugawana kulikonse.

Ine monga mphunzitsi ndikuona njala ina imene ili pafupi. Ana anga a Sitandade 1 ambiri amafika akulankhula Chisena kapena Chimang'anja cha kunyumba, ndipo timabuku tosangalatsa toti awerenge m'chilankhulo chimene amaganizira palibe. Mabungwe amene amagwira ntchito za kusefukira kwa madzi amafuna mauthenga omasuliridwa bwino, ndipo nthawi zambiri amabweretsa omasuliridwa ku Lilongwe amene agogo a ku Nyachikadza sangawamve. Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira mu 2014, koma aliyense amene anaiyesa pa uthenga wa zaumoyo akudziwa kuti singasiyidwe yokha pa nkhani ya moyo wa munthu. Mawayilesi athu a m'madera, monga Nyanthepa ndi Gaka, amafuna masewero ndi mapologalamu tsiku ndi tsiku. Ntchito zimenezi sizilemeretsa, ndipo zina zimachedwa kulipidwa, koma wozipereka ali ndi nkhope ndi ofesi imene ukhoza kugogoda.

Mlembi wa ku Nchalo

Amayi, ndionjezere chimodzi chokhudza magetsi, chifukwa chimakhudza ngakhale ntchito za pafupizi. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo ine makasitomala awiri abwino anandisiya nthawi imeneyo chifukwa chochedwetsa ntchito. Pa misika ya maganyu kuchedwa kumodzi kumatsitsa nyenyezi zimene makasitomala amakupatsa poyamikira ntchito, ndipo nyenyezi zikatsika dzina lako limabisika. Mlembi mmodzi payekha sangapirire zoterezi, koma tikanakhala kagulu ka anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, wina ku Nchalo, wina ku Ngabu, wina pa Boma, mmodzi magetsi akamuthimira mnzake akanamaliza ntchitoyo. Kagulu kotere kakanathanso kupita ku mabungwe ndi mtengo umodzi wogwirizana, m'malo moti aliyense azitsitsa mtengo kuti aphe mnzake, monga zikuchitikira panopa.

Wowerengera ndalama wa ku Dyeratu

Ganizo limeneli ndaligwirizana nalo, koma ndichenjezeretu kuti magulu ambiri amafera pa ndalama yoyamba. Tisanalandire ntchito ngakhale imodzi tilembe pansi kuti wopeza ntchito atenga gawo lanji, wolemba lanji, wokonza lanji, ndipo thumba la gulu litsala ndi zingati za bandulo ndi thiransipoti. Tisavomerenso ntchito yaikulu popanda theka la ndalama patsogolo ndi kalata yosainidwa, ngakhale wotipatsayo atakhala m'bale wathu. Ine ndikhoza kusunga mabuku a ndalamawo popanda malipiro chaka choyamba, bola aliyense akhale ndi ufulu wowaona nthawi ina iliyonse.

Mnyamata wa ku Bangula

Akuluakulu, ndamva zonse ndipo mtima wanga wakhala pansi, ngakhale kuti si zimene ndinkayembekezera kumva. Chisena ndimalankhula bwino chifukwa ndinaleredwa ndi ambuya anga, koma kuchilemba sindinaphunzitsidwepo, ndiye sindikudziwa ngati ndingakwanitse ntchito yomasulira imene amayi a ku Ngabu anena. Chimene ndingayambe nacho ndi nkhani ya anthu opalasa mabwato pa Mtayamoyo, chifukwa ambiri ndimawadziwa ndipo akhoza kundilola kukhala nawo tsiku lonse. Kodi bambo a pa Boma angalole kundiwerengera ndikailemba?

Bambo opuma ntchito a pa Nsanje Boma

Ndikuwerengera, mwana wanga, ndipo uyembekezere kuti ndikudula kwambiri. Uilembe m'Chichewa kaye, isapitirire mawu 800, ndipo mawu a opalasawo uwasiye m'Chisena mmene awanenera, kalembedwe kake tidzakonzera limodzi. Uwapemphe chilolezo usanalembe dzina la munthu kapena kumujambula, ndipo ufunse mtengo woolotsera munthu, njinga ndi thumba la chimanga kwa anthu osiyanasiyana, usangokhulupirira woyamba. Ikatha tidzaona ngati ipite kunyuzipepala, kuwayilesi, kapena achimwene ako a ku Johannesburg akuthandize kuiika m'Chingerezi kuti ikayesedwe kwa akonzi akunja. Mlongo wa ku Makhanga, iwenso nditumizire magawo awiri a nthano yako, chifukwa ndikufuna ndione ngati ingasanduke sewero la pa wayilesi la mphindi 15.